Chipsera cha pa Dzanja Lake

Nkhani yanga yoyamba anandibwezera patatha milungu itatu. Mkonzi wake anali mayi wachizungu amene ankatolera nkhani zifupizifupi za akazi okondana okhaokha, zija zosabisa za kuchipinda, n'kumazisonkhanitsa m'mabuku ogulitsa pa intaneti. Sindinaonanepo naye maso ndi maso. Imelo yake ndinaiwerengera m'sitima, ndikuweruka ku nyumba yosamalirako okalamba, kubwerera kunyumba ku Armadale, m'mphepete mwa mzinda wa Perth.

Analemba kuti Chingerezi changa chinalibe vuto, koma akazi anga awiriwo analibe thupi. "Akangokhudzana iwe umathawa, n'kuyamba kukamba za mphepo ndi makatani. Usathamangire pabedi, koma ukafikapo usatitsekere chitseko. Tiuze chinthu chimodzi chimene maso ako anachionadi pa thupi la munthu."

Ndinamvera, ndipo ndinamvera mopitirira muyeso.

Masiku amenewo ntchito za m'migodi zinali zitayamba kutha. Abambo ambiri a kutchalitchi kwathu, amene ankakwera ndege kupita ku migodi ya kumpoto n'kukatha milungu iwiri, anali atabwerera pakhomo, ena akusaka maganyu ku Malaga, dera la mafakitale mu Perth momwemo. Mmodzi mwa iwo anali mwamuna wa mzimayi mnzanga, namwino, mayi wa ana awiri, amene tinkaimba naye kwaya. Zaka zimene bamboyo ankasowa pakhomo, ine ndi mnzangayu tinali pa chikondi. Palibe ankadziwa. Bambo atabwerera tinasiyana osakambirana n'komwe, tinkangopatsana moni pakhomo la tchalitchi.

Nditakhala pansi kuti ndikonze nkhani ija, ndinalemba za iyeyo. Mzinda ndinasintha, iye ndinamusandutsa mphunzitsi, dzina langa ndinabisa. Koma chipsera cha pa dzanja lake lamanzere, pamene anapsa ndi ayironi ya makala ali ku sekondale yogonera konko, ndinachisiya momwemo. Ndinasiyanso chizolowezi chake choseka n'kubisa nkhope pakhosi panga zinthu zikafika pokoma. Mkonzi anakondwa, anangodula ndime imodzi ya kumayambiriro imene anati ikuchedwetsa, nkhani n'kutuluka.

Mnzangayo sanaitulukire mwangozi. Ndinamutumizira ndekha. Ndinkati ndi mphatso.

Anandiyankha Lachinayi kuti tikumane masana poimika magalimoto pa mashopu a ku Maddington. Kunkatentha koopsa. Ndinalowa m'galimoto yake, iye ali mu yunifolomu, manja onse pachiwongolero, osandiyang'ana.

"Mwandivula pagulu," anatero.

Chikhalire sanandiitanepo kuti inu tikakhala awiri.

"Palibe angakuzindikire," ndinayankha. "Dzina lako mulibe, langanso mulibe."

Anakweza dzanja lija n'kundionetsa. "Ili ndimagwirira buku la nyimbo pamaso pa mpingo wonse. Nkhani ya ayironi amayi onse a mu kwaya amaidziwa, ndinawauza ndekha tikuseka."

"Nanga ndani kutchalitchi amawerenga zoterezi?"

Apa ndi pamene anatembenuka. "Mukuganiza kuti tilipo awiri okha?"

Anapitiriza ndi mawu otsika, kuti mwamuna wake angokhala pakhomo tsiku lonse, mtima uli pamwamba chifukwa cha ntchito. Kuti mwana wake wamkazi sasiyana ndi foni. Kuti zikamveka kumudzi, mayi ake sangayendenso pamsewu. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chondiwawa n'chakuti mwalemba bwino. Ndawerenga kawiri. Koma zinali zathu, simunandifunse."

Nditafika kunyumba ndinalembera mkonzi uja. Anayankha mwachifundo tsiku lomwelo. Anati akanayenera kundichenjeza kuti chinthu choona uchitenge, koma uchisunthe: chipsera cha pa dzanja chipite pa bondo, ayironi ikhale ketulo. Ndipo ngati mwiniwake ali moyo, uyambe wamufunsa. Anandipatsa njira ziwiri, kuichotseratu nkhaniyo kapena kusintha ziganizo zingapo. Koma amene anali atagula kale bukulo akanakhalabe nayo momwe inalili.

Chilimwe chonsecho mnzanga ankaimba kwaya atavala malaya a manja aatali. Ine ndinkaima mzere wa kumbuyo, ndikuyang'ana nkhope za amayi anzathu mmodzimmodzi, kufuna kuona ngati wina akudziwa. Wina akandimwetulira kwambiri, ndinkagwetsa maso m'buku la nyimbo. Mpaka lero sindidziwa ngati alipo anawerenga.

Chaka chotsatira mwamuna wake anapeza ntchito m'tauni ina yaing'ono kutali ndi Perth, banja lonse n'kusamuka. Pa mwambo wotsanzikana anandigwira chanza monga anachitira ndi aliyense.

Pali chimodzi chimene sindinamuuze. Pa njira ziwiri zija, ndinasankha yosintha ziganizo. Ndikanatha kuichotsa, ndipo ndikudziwa kuti n'zimene iye ankafuna ngakhale sanatchule. Ndinakhala ola lathunthu ndikuyang'ana kompyuta, koma mtima unakana. Inali nkhani yanga yoyamba kusindikizidwa, ndipo ndinkaifunabe.