Mpando Umene Tinautulutsa pa Mvula

Nditabwera ku Tipton, m'dziko la Angelezi, kutsatira amuna anga, amene ndi nesi pachipatala cha boma, munthu woyamba kundipatsa moni mumsewu mwathu sanali Mngelezi ayi. Anali mayi wa ku Ukraine wa nyumba yogundana ndi yathu. Anathawa nkhondo ndi mwana wake wamkazi, mwamuna wake n'kutsala kwawo ali msilikali. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, Chingelezi changa n'chothyokathyoka, nayenso chake chinali chimodzimodzi. Mwina n'chifukwa chake tinagwirizana msanga. Panalibe woseka mnzake.

Mwana wake ndi mwana wanga wachisamba anali kalasi imodzi. M'mawa tinkawaperekeza limodzi kusukulu kudzera m'mbali mwa ngalande, ine khanda lili kumsana, iye akundiuza kuti ndilifundike bwino makutu. Nthawi imeneyo mawindo ambiri mumsewu mwathu anali ndi timbendera ta dziko lawo, ta buluu ndi chikasu. Azungu ankabwera kwa aneba angawo ndi majumbo a zovala ndi zidole. Pang'onopang'ono timbendera tija tinasuluka ndi dzuwa, tina n'kuchotsedwa, ndipo ogogoda pakhomo pake anachepa. Sindikuwanena. Munthu amatopa.

Tsiku lina anandiitana kuti ndikamuthandize kunyamula mpando umene anaupeza kusitolo ya katundu wakale. Unali wa khushoni, wobiriwira, wolemera ngati thumba la simenti. Tinauguguza mpaka kunyumba, kupuma pa kona iliyonse. Ataukhazika pafupi ndi windo anati ndi wa mwamuna wake, adzakhalepo akadzabwera. Palibe ankaloledwa kukhalapo, ngakhale mwana. Mwamunayo ankatumiza uthenga pafoni m'mawa uliwonse, nthawi zina kachizindikiro ka chala chachikulu basi, ndipo tikakumana pageti ankangondionetsa foniyo osalankhula, ine n'kugwedeza mutu.

Kenaka akuluakulu a mayiko anayamba kukangana. Amuna anga ankati akaweruka shifiti amakhala pa tivi nsapato asanavule. Ndinawafunsa kuti kodi chavuta n'chiyani.

"Aku America akuti atopa kutumiza zida," anatero. "Akuti nkhondoyi ithe msanga, wina angololera. Aku Ulaya akuti sitiwasiya anzathuwa, koma akungoyang'anizana kuti atsogole ndani."

"Nanga amene ali kumizingako adikire kuti amvane?"

"Ndiye ndale zimenezo, mayi."

Ine ndale sindizidziwa. Chimene ndinakumbuka n'chakuti kwathu tikamanyamula denga la nkhokwe, wamtali uja akangochotsa phewa, kulemera konse kumagwera aafupi. Sagwa ndi wochokayo.

Masiku omwewo foni ya aneba inangoti zii. M'mawa woyamba anati mwina netiweki. Wachiwiri sanandionetse foni. Sabata ikutha sanatuluke n'komwe, mwana wakenso sanapite kusukulu. Makatani anali otseka masanasana. Ndinaona amayi awiri a kwawo akulowa atafunda mipango yakuda kumutu, akutuluka maso ali psuu. Pawindo, pakati pa galasi ndi katani, pankayaka kandulo pafupi ndi chithunzi cha mwamuna uja.

Ndinaimbira amayi a tcheya a gulu lathu la amayi a kutchalitchi. Iwowo ndi nesi wamkulu, amakhala ku Longbridge, ndipo kuno akhalako zaka zambiri. Ndinawafotokozera zimene ndinaona.

"Mwana wanga, ukudikira kuti akulembere kalata?" anatero. "Zimenezo ndi zovuta. Munthu alibe mbale kuno, alibe mfumu, alibe wolengeza. Mawa ndili ofu. Tikubwera."

Mtima wanga unakayikira pang'ono, koma zizindikiro zonse zinalipo, ndipo kwathu sufunsa wolira kuti kodi mukulira maliro. Umangomanga chitenje n'kupita.

Loweruka masana anafika ndi amayi ena atatu, mmodzi wa ku Chipata, wanthabwala, amene amati sanajombepo maliro kuyambira ku Coventry mpaka ku Wolverhampton. Tinamanga zitenje pamwamba pa majekete, maduku kumutu. Tinanyamula shuga, buledi, masamba a tiyi ndi nkhuku ziwiri za mufiriji. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosatha ka kuno.

Aneba anatsegula chitseko, nkhope itatupa. Ataona ine anapatuka kuti tilowe. Tinavula nsapato. Amayi a tcheya anayang'ana pabalaza n'kunong'ona kuti malo achepa, anthu akamabwera adzakhala pati. Kwathu nyumba ya siwa imachotsedwa mipando yonse, amayi amakhala pansi. Tsono tinayamba kutulutsa katundu kupita naye kabwalo ka kuseri: tebulo, timipando ta pulasitiki, kashelefu. Ine ndinali kukhitchini kutereka madzi pamene a ku Chipata ndi mnzawo ananyamula mpando wobiriwira uja.

"Iii, koma mpando uwu wadya chiyani?" ndinawamva akutero pakhomo.

Aneba anali ataima pa masitepe, mwana atam'kakamira pamwendo, akungotiyang'ana. Anandiuza pambuyo pake kuti ankaganiza kuti tabwera kudzam'kolopera m'nyumba, ndipo mpando uja sanauone ukutuluka.

Tinakhala pansi motambalala, misana kukhoma. Amayi a tcheya anayambitsa nyimbo, yapansipansi, ija timaimba thupi likamalowa m'nyumba. Mawu ake aneba sakanawamva, koma nyimbo ya maliro imamveka m'chinenero chilichonse. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Kenaka amayi a tcheya anakwawa n'kukam'gwira dzanja, n'kunena m'Chingelezi chawo chosalala chija kuti pepani, Mulungu ndiye wapereka, yemweyo watenga.

Mayi uja anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula.

"Sanafe!" anakuwa. "Wakuuzani ndani kuti wafa? Sakupezeka basi. Kandulo iyi ndi yom'pempherera kuti abwere!"

Nyimbo inaduka pakati. Iye anatembenuka n'kuona pawindo palibe kanthu.

"Mpando wake uli kuti?"

Anathamangira kuseri wopanda nsapato. Mpando unali pa udzu, mvula ikuugwera, khushoni itayamba kuda ndi madzi. Anaugwira yekha kufuna kuukoka, ukukanika. Titathamangira kuti tithandize anatikankha.

"Nonse mukufuna kutikwirira msanga kuti mupume," anatero, akulira. "Akuluakulu aja a pa tivi akufuna atikwirire. Tsopano inunso, ndi nyimbo zanu."

Tinabweza katundu mmodzimmodzi, mpando uja pomalizira, iye atalola ndi mutu wokha. Tinavala nsapato panja. Nkhuku zija tinaziiwala pasinki.

Pageti amayi a tcheya anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndikugwira ntchito m'chipatala, sindinalengezepo imfa dokotala asanaone. Lero ndalengeza ya munthu amene sindinam'onepo n'komwe."

"Mwinatu tam'talikitsira moyo," anatero a ku Chipata. "Kwathu amene wam'lirira ali moyo amafika pokalamba."

"Inu khalani chete, amayi."

Amuna anga atamva anagwira kumutu. Anati ndiwasiye kaye anebawo, kuno anthu amafuna mpata, tingaitaniridwe apolisi. Ndinawamvera tsiku la Sabata lokha. Lolemba m'mawa ndinagogoda monga mwa masiku onse, mwana wanga ali ndi chikwama kumsana. Sanatsegule. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Sindinkagogoda kawiri. Ndinkangoima pang'ono, n'kunena pachitseko kuti tikupita kusukulu, kenaka n'kumapita. Ndinasiyanso pakhomo kahita kathu kakang'ono kamagetsi kotenthetsera m'nyumba, poti ndinkadziwa kuti khushoni yonyowa m'nyumba za kuno siuma, imachita nkhungu. Madzulo ndinapeza kahita kaja kalowa.

Chakumapeto kwa sabata chitseko chinatseguka pang'ono, mwana n'kutuluka atavala yunifolomu, mayi ake osaoneka. Ndinam'tenga. Pobwera kokaperekeza ndinapeza chitseko chili chotsegulabe. Ndinaodira, n'kulowa. Ndinayamba kupinda miyendo kuti ndikhale pansi mwachizolowezi.

"Ayi," anatero. "Pansi ayi. Pampando. Ndipo osaimba."

Ndinakhala pa kampando ka pulasitiki, khanda pamiyendo. Foni inali patebulo pakati pathu. Sitinkacheza zambiri. Ndinkabwera m'mawa uliwonse ndi nyemba zosankha kapena zovala zopinda, kuti manja asakhale chabe. Tivi ikaonetsa amuna a masuti akutsika ndege, akugwirana chanza, ena osayang'anana, iye ankatsitsa mawu. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene tinatulutsira mipando. Ndinam'fotokozera kuti kwathu wolira sasiyidwa yekha. Anthu amadzaza nyumba, amagona pomwepo pansi, sachoka mpaka zonse zitatha.

"Sachoka?"

"Sachoka. Ngakhale amene munayambana naye."

Kenaka anati, "Mwambo wabwino. Munangofulumira."

Ndinaseka, iyenso anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni zija.

Foni inalira tsiku lina ndikusenda mbatata. Inali nambala yachilendo. Anaiyang'ana osaigwira, mpaka ndinaitenga ine n'kuiika m'dzanja lake. Ndinamva mawu a mwamuna, ofooka, akutchula dzina lake. Mayi uja anatsetsereka pampando n'kukhala pansi, pomwe paja anandiletsa ine. Mwamunayo anali m'chipatala cha kutali ndi kumene ankamenyera nkhondo. Anavulala mwendo ndi kumutu, foni inatayika, ndipo kwa nthawi yaitali sankatha kulankhula. Ine zonsezi ndinazimva pambuyo. Panthawiyo ndinangoona misozi ndi kuseka pamodzi, ndiye ndinaimba nthungululu mpaka khanda linadzidzimuka.

Ndi iye mwini amene anati ndiitane amayi aja. Anati nkhuku zawo zikadali mufiriji, abwere adzadye. Anafika Loweruka, amayi a tcheya ali patsogolo, amanyazi ngati mtsikana wopita koyamba kwa apongozi. Anapepesa atagwada. Aneba anawadzutsa n'kuwapsompsona masaya onse awiri, amayi a tcheya maso ali tuzu. Titadya, a ku Chipata anayambitsa nyimbo yachisangalalo, kenaka anaima pakati.

"Tifunse kaye lero. Amayi, tingasunthe mipandoyi? Tikufuna kuvina."

Ndinamasulira. Aneba analoza tebulo ndi timipando ta pulasitiki kuti tichotse. Kenaka anaika dzanja pa mpando wobiriwira uja.

"Uwu ayi."

Tinavina mouzungulira.

Nkhondo sinathe. Akuluakulu aja akukanganabe, lero uyu walonjeza, mawa wabweza mawu, ndipo amuna anga amaonerabe nkhani nsapato asanavule. Mwamuna wa aneba akuphunzira kuyenda ndi ndodo, sakudziwa ngati adzaloledwe kubwera kuno. Pa khushoni paja panatsala banga la madzi, lozungulira ngati mbale. Ndinauza aneba kuti ndili ndi sopo amene angalichotse. Anakana. Akuti akufuna mwini mpandoyo adzafunse yekha kuti banga limeneli linabwera bwanji.