Mbewu ya Pusi Kukhwapa

Ndili kuntchito, kumakola a tiapusi ta kafukufuku. Adokotala akundipatsa kabotolo ka mbewu ya pusi wamphongo.

"Madala, isazizire. Ikazizira, chaka chino kulibe mwana."

Kabotoloko ndikukapanira kukhwapa. Khonde likutalika mpaka lasanduka msewu wa kumudzi, ndipo mvula ikugwera ine ndekha. Abusa akundipatsa moni wa pamanja, ine mkono sindikutambasula. Akwiye.

Pusi wamkazi ndikumupeza pabenchi la kusikelo, atavala chitenje.

"Achimwene, mwachedwatu," akutero. "Ikadali yofunda?"

"Yofunda."

Adokotala ali kale pomwepo, akumuika mbewuyo ndi kachubu. Nthawi yomweyo kamwana konga chala changa kakusuzumira kumsana kwake, kakuyasamula.

Ndadzuka kumalotoko mtima uli m'malo. Pusi wamkazi ameneyo lero kuntchito ndimuwonjezera nthochi.