Chikhothi cha pa kaunjika wa ku Mitundu

Linali Lachinayi m'mwezi wa Julayi, naini koloko m'mawa, pamene thirakitala inazima. Nthawi ndikuidziwa chifukwa wailesi ya mlonda inali itangoitchula. Ine ndinali pa mjigo wa pa esiteti, ndowa isanadzaze. Nyengo yotonola chimanga thirakitala siinkazima mpaka masana, ndipo phokoso lake tinali titalizolowera. Itazima, amayi tonse tinadzutsa mitu. Kenako tinamva munthu akukuwa ku shedi, ndipo mawuwo sanali a amuna anga.

Amuna anga ndi amene ankayendetsa thirakitalayo. Kwawo kunali ku Ntcheu, ine kwathu ndi ku Nathenje, ndipo tinkakhala m'nyumba za antchito pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, ife ndi mwana wathu wamkazi. Ntchito ya fodya ikatha, ankatonola chimanga chodyetsa matenanti. Thirakitala ankaiimika pa shedi, n'kulumikiza chitsulo chachitali kuchokera kumbuyo kwake kukafika ku makina otonolera. Chitsulocho ankachitcha shafuti. Chikathamanga kwambiri, munthu unkaona ngati chaima.

Chaka chimenecho kunazizira koopsa. Iwo ankalawirira mame asanaume, atavala ovolosi yong'ambika m'zigongono, ndipo manja ankawotha pa injini. Chifuwa sichinkawatha. Zinali zaka zoyamba za matipate, kaunjika atangodzaza msika wa Mitundu, ndiye ndinagulitsa mtedza wanga n'kupita kukawafunira chofunda.

"Mayi, ichi n'cha ku Ulaya, mwini wake anali nduna!" anatero wogulitsa. "Tagwirani mumve kulemera."

Chinali chikhothi chotuwa, chofika m'mawondo, chokhala ndi lamba wake. Nditafika nacho kunyumba anachivala, n'kuyenda nacho pabwalo atatulutsa chifuwa.

"Amayi, mukufuna ndikaimire pa chisankho kodi?"

"Kaimireni, abambo. Voti imodzi muli nayo kale."

"Imodzi yokha? Nanga apongozi anga?"

"Amenewo mukawanyengerere nokha ndi shuga."

Ku shedi anzawo anayamba kuwatcha Olemekezeka. Tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa ndinamva wina akuti, "Olemekezeka, mlatho munalonjeza uja mumanga liti?" Iwo ali pampando wa thirakitala anati, "Ukadzayamba kusamba, achimwene." Chifuwa chija chinatha. Anachivala masabata atatu okha.

Zimene zinachitika Lachinayi lija anandiuza ndi anzawo. Zitsononkho zinatsekera m'makina, iwo n'kuwerama kuti achotse, thirakitala ili chilirire. Lamba wa chikhothi anakodwa pa shafuti. Mnzawo amene anathamangira kukazimitsa sankadziwa pogwira, poti palibe anamuonetsapo. Pamene anapapeza, zinali zitaipa kale. Tinawanyamula pa galimoto ya bwana kupita kuchipatala ku Mitundu, mutu wawo uli pamiyendo panga, koma sitinafike nawo amoyo.

Pa maliro ku Ntcheu, kapitawo analankhula m'malo mwa bwana. Anati lamulo limaletsa kuvala zolendewera pafupi ndi makina, ndipo malemuwo anaiwala. Mlongo wawo wa amuna anga anafunsa motsitsa mawu m'siwa muja, "Nanga chikhothicho anagula ndani?" Ine ndinadziyankha ndekha mumtima.

Ndinabwerera ku Nathenje ndi mwana. Kwa zaka ziwiri sindinkalola kuwakumbukira atavala chikhothi chija. Chikangobwera m'maganizo ndinkadzuka kukafuna chochita. Koma masabata atatu amenewo ndi amene ankaseka kwambiri, ndiye pothawa chikhothi ndinkathawanso kuseka kwawo. Nkhope yawo inayamba kundizimirira. Mwana akafunsa kuti bambo ake ankalankhula bwanji, ndinkangoti, "Ankalankhula bwino." Ndinkawafuna, koma njira yopitira kwa iwo ndinali nditaitseka ndekha.

Tsiku lina pa siteji ya Nathenje ndinakumana ndi makaniko wa pa esiteti paja, bambo wachikulire, akudikira galimoto ya ku Nkhoma kuti akaonetse maso. Anandizindikira ndi mawu.

"Alamu, mwaonda chonchi bwanji? Ku Nathenje kuno sadya?"

Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. Ndinati, "Ndidya bwanji, poti imfa ija ndinawaveka ndine?"

Anavula chipewa.

"Mukukumbuka momwera abakha kuseri kwa nyumba ya akapitawo?"

Ndinkakumbuka. Chinali chinthu chachikasu, chonga paipi yaikulu yong'ambidwa pakati. Ndinkachidutsa tsiku lililonse popita ku mjigo.

"Chimene chija n'chotchingira shafuti," anatero. "Ndinachichotsa ine ndi manja angawa, chitathyoka pomangira. Ndinapempha china, anandiuza kuti tidikire fodya agulitsidwe. Fodya anagulitsidwa kawiri, ine n'kusiya kufunsa. Chikanakhalapo, alamu, bwenzi lamba uja atangokhudza n'kutsetsereka. Akanavala ngakhale mkanjo wa abusa."

"Nanga lamulo ananena pamaliro lija?"

"Lamulo lilipo, n'labwino. Koma ife tinalimva koyamba pamaliro pomwepo. Inu mutachoka analilemba pakhoma la shedi, m'Chingelezi, n'kugula chotchingira chatsopano sabata yomweyo. Pano aliyense amamuonetsa pozimitsira."

Galimoto yake inabwera. Pokwera anati, "Mundikhululukire," ndipo ine ndinamugwirira thumba lake mpaka atakhala pampando.

Sindinganene kuti mtima unapola tsiku lomwelo. Chikhothicho ndinagula ndine, zimenezo sizisintha. Koma ndinachigula chifukwa munthu wanga ankazizidwa, ndipo chotchingira chinali kumwetsa abakha. Pobwerera kumudzi ndinawaona amuna anga m'maganizo bwinobwino kwa nthawi yoyamba, ali pabwalo paja, manja ali m'matumba, akununkha dizilo ndi fumbi la chimanga. Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Madzulo ake ndinamuuza mwana za voti ya agogo ake, ndipo anaseka kuseka kwa bambo ake kwenikweni.

Kukazizira ndimawafunabe. Ndimaganiza kuti pano bwenzi ali ndi imvi, akudandaula msana, ndipo bwenzi nditawagulira juzi yothina m'chiuno. Mwana uja anakwatiwa, amakhala ku Diamphwe. Ine ndimalima munda umene anandisiyira mayi anga. Ndikakolola, achinyamata amabwera ndi makina awo otonolera kudzafunsa ganyu, ine ndimawathokoza n'kuwabweza. Chimanga changa ndimatonola ndi manja, pakhonde.