Dzina la Buluu pa Webusaiti ya Mpingo

Bambo Zakeyu a ku Chiosya anali tenanti pa esiteti ya fodya mpaka msana unakana. Mpingo unawapatsa ntchito yoika maulaliki pa webusaiti, poti anali munthu wosatopa kudinadina foni. Kunena zoona, zambiri sankazidziwa. Ankangodziwa kuti muli kapulogalamu kena kopanda nzeru: kakapeza mawu ofanana ndendende ndi mutu wa nkhani ina, kamawasandutsa a buluu, munthu akadina n'kukafika ku nkhaniyo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yamikani, wa kabaza, anagundidwa ndi lole pa msewu wa ku boda. Maliro atatha, bambowo analemba mbiri ya mwanayo pa webusaitipo n'kuikapo chithunzi. Mutu wake anangoti Yamikani, basi.

Ndiye taonani. Mlaliki wake uti angamalize ulaliki osanena kuti "Yamikani Ambuye"? Kapulogalamuko sikasiyanitsa dzina la munthu ndi mawu a pemphero. Maulaliki onse, akale ndi atsopano omwe, anadzaza buluu, ndipo paliponse ukadina pankatuluka nkhope ya mnyamata uja ali pa njinga yake.

Kunyumba dzinalo linali litasiya kumveka. Akazi awo, mayi Tabeth, ankangoti "uja". Anthu nawo analeka kuwaitana kuti bambo a Yamikani, ati kuopa kuwatokosa bala. Zinkawapweteka kwambiri. Pa foni pokhapo ndi pamene mwana wawo ankaitanidwabe, ndipo ankayankha.

Tsiku lina mkulu wa mpingo, a Benedicto, anawapeza kudimba.

"Bambo Zakeyu, anthu akudandaula. Munthu akufuna mawu a Mulungu, kudina, akukumana ndi maliro. Ena mpaka aimba foni kuchokera ku Chipata."

"Si ine, akulu. Ndi makina."

"Tikudziwa. Nkhaniyo musachotse ayi. Mungolemba dzina lonse pamutupo."

Akanakana bwanji, munthu wapempha mwaulemu chotero? Anapukuta matope m'manja, n'kusintha mutu kukhala Malemu Yamikani Zakeyu. Mawu atatu amenewo palibe mlaliki adzawatchule motsatana mpaka Yesu adzabwere. Buluu yense anazima nthawi yomweyo.

Nkhani ija ilipobe, kungoti palibe njira yopitako. Bambo Zakeyu akuikabe maulaliki sabata ndi sabata. Akafika pa mawu aja oti "Yamikani" amadinabe ndi chala, koma palibe chimene chimatseguka.