Bwalo Losesedwa pa Boma la Dowa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo kwa apongozi ku Bowe ankandiyang'ana ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Nditawauza amayi kwathu ku Chezi, anangoti, "Pita mwana wanga, nanga pano udya chiyani?"

Ku Durban ndinkasamalira mayi wina wokalamba, n'kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Lamlungu ndinkangokhala pabedi kumvetsera mauthenga a mawu pa foni, ena mpaka ndinawaloweza. Ambiri anali opempha feteleza kapena fizi. Ndinkatumiza, koma ndinkabisako pang'ono. Ndinkafuna pakhomo panga.

Nyumbayi anandipezera ndi achimwene anga a Lemekezani. Ili pa boma la Dowa, mu mzere wa nyumba zakale zomwe munkakhala akalaliki nthawi ya atsamunda, kumunsi pang'ono kwa msika. Ndi ya njerwa zofiira, ya khonde lalitali, ili ndi chumuni chomwe mpaka pano sindinakolezepo moto. Ndinaigula nditangoiona pa foni. Amayi sanaione n'komwe, anamwalira ndisanamalize kulipira. Mapepala anga okhalira ku Joni anali atatha, kotero kumaliro sindinapite. Ndinalirira m'bafa la abwana, nditatsegula mpopi kuti asamve.

Ndinabwerako chaka chotsatira, nyengo yozizira. Pondipatsa makiyi achimwene anati, "Chigulireni palibe wapondapo. Ukapeza tchire."

Ndinafika masana, chifunga chisanachoke m'mapiri. Loko anali wadzimbiri, ndipo m'kati munali fumbi ndi fungo la mileme. Koma bwalo lonse linali losesedwa, mizere ya tsache ikuonekabe, pansi pa mitengo ya bulugamu yomwe imayoyola masamba tsiku lonse.

Ndili chiimire, panatulukira a Nabanda, aphunzitsi opuma a nyumba yoyandikana.

"Ndinu mwana wa mayi aja eti? Mwafanana pamphumi."

"Mayi ati?"

"Amene amasesa pano. Amabwera m'mawa uliwonse, amatsimphina mwendo wakumanzere. Sakonda zolankhula. Tsiku lina nditawafunsa anati akukonzera mwana wawo amene ali ku Joni."

Amayi ankatsimphina mwendo womwewo. Ndinafunsa kuti anawaona liti komaliza.

"Lero lomwe. Anditsanzika, akuti sabweranso chifukwa mwiniwake akufika."

Ndinawaonetsa chithunzi cha amayi pa foni. Anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa.

"Omwewa. Ndi mpango womwewu."

Sindinawauze kuti amayi anamwalira. Mpaka lero timalonjerana pampanda, amafunsa kuti mayi aja ali bwanji, ine n'kumati akupuma.

Mawa lake ndinalawirira kupita ku Chezi. Manda a amayi anali atamera udzu. Nyumba yawo anali ataisasula, pamalopo alamu anga anafesapo nazale ya fodya. Ana ankathamanga kukauzana kuti kwabwera alendo. Anandiyalira nsalu pampando, iwo n'kukhala pamphasa kuuzana nkhani za anthu omwe sindikuwadziwa. Palibe anandichitira mwano. Koma aliyense, ngakhale achimwene, funso lake linali limodzi: "Nanga mubwerera liti?" Ndinawauza kuti ndabwereratu. Kenaka azakhali anafunsa kuti tsono feteleza wa chaka chino achokera kuti.

Pa minibasi yobwerera ndinazindikira kuti kwathu ankandikonda ndili kutali. Munthu mmodzi yekha ndiye ankandidikira kuti ndidzakhale, ndipo ameneyo anali m'manda.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanache n'kukhala pakhonde, nditafunda bulangete, maso ali kumsewu wochokera kumsika. Mantha ndinali nawo, komabe ndinkafuna ndiwaone, ngakhale msana wokha. Masamba ankagwa, bwalo n'kumadzaza. Ana a sukulu anadutsa, chifunga chinachoka, dzuwa linafika pakhonde. Sanabwere.

Ndinavala nsapato, n'kupita kumsika kukagula tsache.