Nambala ya pa Chitseko

Lero mdzukulu wanga wachokera kusukulu manja ali mbuu ndi choko, ndipo fungo lake landibwezera ku Nsambe, chaka chimene amayi ankadwala.

Aphunzitsi analemba 10,007 pa bolodi. "Nambala iyi ndi yamakani," anatero. "Yesani kuigawa pawiri, patatu, ngakhale pasanu, siigawika."

Ndinaba kachidutswa ka choko n'kukailemba pa chitseko cha kwathu. Tinalipo ana asanu, bambo anali atamwalira kale, ndipo ndinali nditamva azakhali akunong'ona zoti adzatigawana. Ine ndinkayesa nambalayo ndi mankhwala otsirikira nyumba. Mvula ikaifufuta, ndinkailembanso.

Titaika maliro a amayi, amalume anatikhazika pa mphasa. "Awiri apita ku Lisungwi, awiri ku Dambe. Basi."

"Nanga ine, amalume?"

Anayang'ana pansi. "Iwe wakula. Utsale, uzisunga nyumba."

Sitinakhalenso pa mphasa imodzi asanufe. Awiri anamwalira ndisanawaonenso.

Zimene aphunzitsi ankatanthauza ndinazimvetsa nditakula: nambala yotere anthu amaigawa ndithu, kungoti pamakhala chotsala. Chotsalacho ndinali ine.