Nkhokwe ya a Daka ndi Notsi Zanga za Theka

Kwathu ku Nyampande, Sepitembala ndi mwezi wa mphepo ndi utsi. Chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, thonje lapita, ndipo anyamata amatentha tchire kuti mauna a mbewa aonekere poyera. Ndikukumbukira fungo la udzu wopserera losakanikirana ndi fumbi, ndi timaphulusa takuda timene tinkagwera pakolala ya yunifolomu yanga ndikamapalasa njinga kupita kusukulu. Chaka chimenecho ndinali mu giredi 12, woyamba m'banja mwathu kufika pamenepo, ndipo matama amene ndinali nawo akanakwanira mudzi wonse.

Njingayo inali ya alongo anga, a Yotamu. Chimwalirireni atate, iwo ndiwo ankalima munda wathu, ndipo maulendo awo onse ankayenda pansi kuti ine ndisachedwe m'kalasi. Anali munthu wofatsa mopitirira muyeso, woti ukawaponda phazi amayamba kupepesa ndi iwowo. Anali atatomera mtsikana wa ku Kalindawalo, ndipo ukwati unali woti uchitike mvula isanagwe.

Phunziro la siviki ankatiphunzitsa a Mulenga, aphunzitsi ochokera kumpoto, amene Chinyanja chawo tinkachiseka akatembenuka. Buku linali limodzi sukulu yonse, lawo lomwelo, choncho ife tinkadalira notsi za pabolodi. Mayeso atayandikira tinafika pamutu wa milandu yaupandu, ndipo anatichenjeza kuti funso lake silisowa papepala. Lachisanu lina analemba kuti mlandu waupandu umaima ndi miyendo iwiri: munthu achite choipacho, komanso akhale ndi maganizo oipa pochichita. Mwendo umodzi ukasowa, mlandu umagwa. Atangojambula mzere kunsi kwa mawuwo, belu linalira. Anatiuza kuti akupita ku Chipata kumsonkhano wa aphunzitsi kwa milungu iwiri, ndipo zotsala tidzamaliza akabwera. Mawu akuti zotsalawo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Miyendo iwiriyo ndinailoweza mpaka ndinkaiimba potunga madzi. Mbuzi ikalowa m'dimba ndinkaizenga mlandu pomwepo, n'kuipeza yolakwa mbali zonse ziwiri.

Loweruka la mlungu wotsatira, dzuwa lili paliwombo, a Yotamu anayatsa udzu kumalire a munda wathu kuti akumbe mbewa. Sanalambule m'mbali, poti ankati ndi kamalo kakang'ono. Mphepo inatembenuka. Moto unalumpha kanjira n'kuthamanga m'mapesi mpaka kuseri kwa nyumba ya a Daka, bambo wachikulire amene tinkachita naye malire. Anthu anathamanga ndi nthambi zaziwisi ndi ndowa, nyumba inapulumuka, koma nkhokwe inapsa yonse. Chimanga cha chaka chonse chinkathetheka mkatimo, ndipo chinafuka utsi masiku awiri. A Daka anangoima chapatali manja ali kumbuyo.

Madzulo a tsiku lomwelo amalume anafika. Anati njira yake ndi yodziwika. M'mawa dzuwa lisanakwere, wolakwa amapita ndi amalume ake, nkhuku ili m'manja, n'kukakhala pansi pabwalo la wolakwiridwayo ndi kuvomera kulakwa kwake. Kenako timange nkhokwe ina, tithiremo chimanga chathu, mabanja onse awiri adye mochepa mpaka kukolola. A Yotamu anali atagwedeza kale mutu. Ndine amene ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope.

“Amalume, mukapepesa ndiye kuti mwavomela mlandu,” ndinatero. “Lamulo ikamba kuti ngati munthu sanafune, mlandu palibe. A Yotamu anafuna mbewa chabe, osati nkhokwe.”

Ndinawerenga Chingerezi chonse mokweza, chala chili pamzere, kenako n'kumasulira. Pakhomopo panalibe wina wotha kunditsutsa. Amai ankayang'ana kopelo mmene ankayang'anira Baibulo la abusa. Ndinaonjezanso funso, ndipo apa ndi pamene ndimadzida kwambiri: chimanga chikapita kwa a Daka, paukwati anthu adzadya chiyani? Ndinaona nkhope ya alongo anga ikumasuka. Anali ndi mantha komanso manyazi, ndipo ine ndinawapatsa pobisala.

Amalume anazunguza chipewa pabondo.

“Ine sukulu nilibe,” anatero pomaliza. “Koma munthu amene azagona na njala chifukwa cha ise, sitimuyankha na buku. Lomba mwana wa sukulu wakamba. Chitani mwamene muonela.”

Anakankha njinga yawo mpaka kumsewu osaikwera.

Lamlungu sitinapite, Lolemba sitinapite. Amai ankazungulira njira yaitali popita kokatunga madzi kuti asadutse pakhomo la a Daka. Lachinayi kunabwera apolisi awiri, a Daka atakadandaula kupolisi. Ine ndinali nditawaphunzitsa kale a Yotamu zokanena: avomere kuti anayatsa ndi iwo, koma anenetse kuti sanafune. Ananenadi choncho, mwaulemu, manja ali pamodzi. Atafunsidwa ngati tsikulo kunali mphepo, anati inalipo. Atafunsidwa ngati analambula m'mbali, anati ayi. Anadinda chala papepala n'kutengedwa kupita kuboma. Ndinauza amai kuti asataye misozi pachabe, kukhoti akatuluka.

Lolemba lotsatira a Mulenga anabwerera. Anafufuta bolodi n'kunena kuti tipitirize pamene tinalekezera. Analemba kuti maganizo oipa aja ali mitundu itatu: kufuna dala, kuiona ngozi koma osailabadira, ndi kusasamala pamene munthu wanzeru zake akanasamala. Za kwathu sankazidziwa. Pofuna kuti timve msanga, anatola chitsanzo chapafupi, cha munthu woyatsa tchire tsiku la mphepo osalambula m'mbali. Anzanga a m'mudzi mwathu anatembenuka kundiyang'ana, kenako anazolika. Ndinakopera zonse kunsi kwenikweni kwa mzere uja. Inali mizere isanu ndi umodzi yokha.

Nthawi yopuma ndinawatsatira aphunzitsiwo n'kuwafotokozera zonse, ndili ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina pali mzere winanso wotsala. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

“Mwana wanga, ninakuuzani kuti sitinasilize,” anatero motsitsa mawu.

Amalume anayesa kupita kwa a Daka mochedwa momwemo, koma anauzidwa kuti nkhani inachoka kale m'manja mwa anthu a m'mudzi. Tsiku la mlandu ndinajomba kusukulu. M'khoti munali motentha, monunkha thukuta ndi mapepala akale. Womasulira anawerenga mawu a a Yotamu, amene kwenikweni anali mawu anga, ndipo iwo anavomera kuti ananenadi choncho. Anawagamula kuti akakhale kundende miyezi isanu ndi inayi chifukwa chosasamala ndi moto. Asanawatulutse anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati akudikira kuti nditsegule kope ndinene kanthu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mayeso tinalemba mitambo yoyamba itayamba kusonkhana. Funsolo linabweradi, monga ananenera a Mulenga: fotokozani mitundu ya maganizo oipa pa mlandu waupandu, ndipo perekani chitsanzo. Anzanga ankaluma zolembera. Ine ndinalemba osaima mpaka pepala linadzaza, misozi ikudonthera painki. Zotsatira zitatuluka, siviki ndiyo ndinakhoza kuposa maphunziro onse, ndipo sindinauze munthu.

Mvula imeneyo tinalima awiri ndi amai, theka la munda, lina linamera thengo. Chimanga chimene ndinkachiteteza chija amai anagawanabe ndi a Daka, chifukwa sakanatha kudya akuona nkhalamba ikugona ndi njala. A ku Kalindawalo anatumiza mawu akuti mwana wawo sangadikire munthu wa kundende. A Yotamu anatuluka ataonda, akutsokomola, ndipo chinthu choyamba kundifunsa chinali chakuti kodi ndinakhoza. Anakhala mwezi umodzi osapita kutchalitchi kapena kumsika, kenako anakwera basi ya ku Lusaka. Kumeneko ndi alonda a pageti mpaka lero, ndipo sanakwatire. Sanandinenepo ngakhale liwu limodzi loipa. Akanandikalipira, mwina bwenzi nditapepukidwa.

Maloto anga odzakhala loya ndinawasiya pomwepo. Ndimasoka zovala pamsika wa Petauke, ndipo ana a sukulu amadutsa pamakina anga akuwerenga notsi pafoni. Masiku ano mutu wonse amaupeza nthawi imodzi, sadikira mphunzitsi kuti abwere kuchokera ku Chipata. Nkhokwe nazo zikutha, chimanga anthu amasunga m'matumba m'nyumba. Koma ndikuonanso kuti wonyamula nkhuku kukapepesa akusowa. Anthu akangolakwirana, aliyense amatulutsa foni kufufuza chimene lamulo likunena, ndipo ndikawamva akutsutsana mtima wanga umalemera, chifukwa mawu awo ndimawadziwa.

Chaka chathachi a Daka anabwera pamakina anga ndi jekete long'ambika m'khwapa. Maso awo anali atachita khungu, ndipo sanandizindikire mpaka nditatchula dzina la amai. Ndinatsika pampando n'kugwada pasimenti, anthu akuona, n'kuwauza kuti amene analetsa banja lathu kubwera kudzapepesa ndinali ine. Anamvetsera atatsamira ndodo yawo.

“Masiku atatu nenze kuyala mphasa pabwalo m'mawa,” anatero, “kuti mukabwela musakhale pa phulusa. Nkhuku nenze nizakubwezelani. Nenze kufuna chabe Yotamu akambe kuti pepani.”

Nditabwerera pampando, ulusi unandikanika kulowetsa m'singano. Iwo anadikira modekha, kenako anafunsa ngati a Yotamu amabwerako kumudzi. Ndinawayankha kuti ayi, sabwera.